Kulemba sewero loopsa la pa wailesi lokhudza ndale popanda kusanduka mlaliki

Achinyamata a gulu lina la zisudzo ananditumizira sewero lawo pa WhatsApp kuti ndilimvere. Magetsi anali atazima ndipo ndinali ndekha m'nyumba. M'seweromo munali mayi akusinja usiku, munsi ukugunda mumtondo, du, du, du. Kenaka kunamveka munsi wachiwiri ukuyankha, chonsecho mayiyo ali yekha pamtondo. Thupi langa linachita tsemwe, mpaka ndinayatsa tochi. Koma pa mphindi yachisanu mzukwa uja unatsegula pakamwa: "Inu atsogoleri, dziwani kuti katangale amabwezeretsa chitukuko m'mbuyo." Ndinaphulika kuseka. Mantha anathera pomwepo, ndipo uthenga wa katangalewo sunandilowenso, chifukwa ndinaumva kale kambirimbiri kwa anthu amoyo ovala mataye.

Zomwe anafuna kunena achinyamatawo zinali zoona ndithu. Analakwitsa malo oikapo ndalezo. Anaziika m'kamwa mwa mzukwa, pomwe zimayenera kukhala m'machitidwe ake. Malangizo ali m'munsiwa ndi amene ndinawapatsa, ndipo ndigwiritsa ntchito sewero limodzi longopeka kuti muone mmene zimayendera.

1. Siyani mutu waukulu, gwirani kanthu kamodzi

"Katangale", "umphawi", "nkhanza za olamula" ndi mitu ya pa msonkhano. Palibe amene amaopa mutu. Funsani kuti chinthucho chimafika bwanji pakhomo pa munthu mmodzi, tsiku liti, atanyamula ndani. Ine ndinasankha ichi: mayi wamasiye wapita kukamva mayina a olandira feteleza wotsika mtengo, dzina lake palibe, koma la mwamuna wake amene anamwalira chaka chatha lilipo, ndipo wina wake akulandirira. Lembani chanucho m'chiganizo chimodzi. Chikakana kulowa m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti simunachigwire.

2. Pezani choopsa chomwe chimadya anthu mmene vutolo limawadyera

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, tsono musathamangire.

Anthu athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale popanda wowaphunzitsa. Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu atayamba kuphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a mu Blantyre, kunabuka mphekesera yoti boma likupopa magazi a anthu kuti libweze ngongole ku South Africa. Inali nthawi imene boma la Dr Banda linali paubale ndi boma la tsankho la kumeneko, lomwe linaperekanso ngongole yomangira likulu ku Lilongwe. Chakumapeto kwa 2002, njala ili m'dziko, mphekesera ija inadzukanso itavala malaya ena: akuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo. Panalibe umboni uliwonse wa zimenezi. Koma taonani mmene maganizo a anthu anayendera. Munthu wosauka akaona kuti akuluakulu akupangana zinthu zomwe iye sazidziwa, ndipo akudziwa kuti wodzalipira ndi iyeyo, amafunsa kuti ndili ndi chiyani chomwe angatenge. Yankho limene amapeza ndi magazi.

Ndondocha nayonso ndi chimodzimodzi. Munthu amene abale ake anamulira n'kumuika m'manda, koma akuti ali kuseri kwa chigayo kapena m'munda mwa mwini chuma, lilime lodulidwa, akugwira ntchito usiku wonse osalandira kanthu. Simufunikanso kuwonjezera mawu oti "ogwira ntchito akuponderezedwa". Aliyense amene agogo ake anagwirako thangata, kapena amene anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya, wamva kale. Lilime lodulidwalo lanena zonse.

Ndiye tengani vuto lanu lija, mulifunse kuti limatenga chiyani kwa munthu, limatenga motani, ndipo wopindula ndani. Choopsa chanu chichite zomwezo. Pa nkhani ya mndandanda ija, chomwe chikuchitika n'chakuti akufa akuwerengedwa ngati amoyo, amoyo akufufutidwa ngati akufa. Ndiye m'sewero langa, mlembi akamaitana mayina pabwalo, akufa aja amayankha kuti "Ndilipo." Ndipo wakufa mmodzi akayankha, wamoyo mmodzi amasiya kumveka. Amalankhula, amakuwa, ife omvera tikumumva, koma anzake a m'mudzimo sakumumvanso.

Mukapeza choopsa chotere mudzadziwa nokha, chifukwa zochitika zimayamba kubwera zokha. Mukaona kuti mzukwa wanu mukhoza kuuchotsa n'kuikapo fisi kapena njoka nkhani osasintha, bwererani pa sitepe yoyamba.

3. Chipatseni malamulo, ndipo musawaphwanye

Choopsa chomwe chimatha kuchita chilichonse sichiopsa, chimatopetsa. Lembani malamulo awiri kapena atatu pa pepala lapadera. Anga ndi awa: wakufa amayankha pokhapokha dzina lake litawerengedwa mokweza kuchokera pa pepala; wamoyo wosiya kumveka amakhala amene malo ake anaperekedwa kwa wakufayo; ndipo dzina likangowerengedwa silifufutikanso. Omvera asauzidwe malamulowa. Awatulukire okha, makamaka asanawatulukire anthu a m'seweromo, kuti azichita kukuwa mumtima kuti usawerenge dzina limenelo.

4. Mwini nkhani akhale wodyako

Olemba ambiri amaika pakati munthu woyera mtima amene akuzunzidwa, mbali inayo n'kuikako bwana woipa wa mimba yaikulu ndi kaseko ka mfiti. Omvera amadziwa kale mbali yoti aime, ndiye palibe chowasautsa. Ine pakati ndinaikapo Yohane, mlembi wa nyakwawa. Anamaliza Fomu 4, ntchito sanaipeze, ali ndi mkazi woyembekezera, ndipo pa mayina asanu aliwonse a akufa amene walowetsa amalandirapo thumba limodzi. Si chigawenga. Ndi mnyamata amene mumapemphera naye ndipo pamaliro ndiye amalemba zopepesa. A mfumu nawonso muwapatse chifukwa chawo: pali wina pamwamba pawo amene anawauza kuti akufuna mayina makumi awiri, ndipo wapamwambayo m'sewero lonse samveka, amangoimba foni. Foniyo ikalira, a mfumu amadzuka pampando n'kuvula chipewa, munthuyo ali kutali. Pa wailesi chipewa sichioneka, koma mpando ukakhuluzika ndi mawu a mfumu akafewa mwadzidzidzi kuti "Ee bwana, zikomo bwana," omvera amachiona.

5. Lemberani khutu

Womvera alibe maso, koma musamuchitire chipongwe pomufotokozera zonse. Mzere ngati "Mayo ine, taonani mzukwa wavala nsalu yoyera ukubwera chakuno" umapha sewero. Munthu wogwidwa ndi mantha enieni safotokoza, amafunsa mafunso opanda mutu, kapena amakana zomwe wamva. Taonani kachigawo aka:

(Pabwalo, pansi pa kachere. Anthu akunong'onezana, khanda likulira chapatali, mapepala akutembenuzidwa.)

YOHANE: Eluby Nasibeko.

MAYI: Ndilipo.

YOHANE: Jailosi Mwale.

BAMBO: Tilipo, tilipo.

YOHANE: (mothamanga, motsitsa mawu) Samisoni Kachepa.

(Khanda lija latonthola. Zii.)

MAWU: (pafupi penipeni ndi khutu) Ndilipo.

NAMBEWE: Iwe Yohane, wati ndani?

YOHANE: Ndalumpha mzere, amayi. Tiyeni tipitirize.

NAMBEWE: Bambo ako aang'ono amenewo. Bokosi lawo unanyamula nawo iweyo.

YOHANE: Nambewe. (kaye chete) Nambewe alipo?

NAMBEWE: Ndili pano, mwanawe. Si ine ndikukuyankhulayu?

YOHANE: Sanabwere. Tapitirira.

Palibe pamene patchulidwa katangale, boma kapena chipani. Palibenso amene wakuwa. Chomwe chagwira ntchito ndi khanda lotonthola ndi mtunda wa mawu: onse akuyankha chapatali, pabwalo, koma wakufayo akuyankhira m'khutu mwanu.

Muganizirenso phokoso lomwe anthu a kwanu amaliopa kale. Funsani achikulire amene anakhala moyo nthawi ya chipani chimodzi. Ambiri sadzakuuzani za kadzidzi. Adzakuuzani za galimoto yoima panja usiku n'kuzimitsa injini, za kugogoda kwaulemu pachitseko, za funso la pakhomo la msika loti khadi ya chipani muli nayo. Mawu oti munthu "wasowa", kapena oti wasanduka nyama ya ng'ona, ankanenedwa motsitsa. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Anthu anamva chilengezocho, ambiri osakhulupirira, koma osayankhula. Kukhala chete kwa mtundu umenewo, kwa anthu odziwa koma osanena, n'koopsa kuposa kulira kwa fisi, ndipo kumajambulika: ikani anthu asanu m'chipinda, mmodzi afunse funso, enawo angopuma.

Anthu olankhula kwambiri m'chigawo chimodzi asapose atatu kapena anayi, ndipo mawu awo asiyane, wina wa besi, wina wopyapyala, wina wokalamba. Azitchulana mayina pafupipafupi kumayambiriro kuti womvera asasokere.

6. Sakani ulaliki, muuzule

Mukamaliza kulemba, tengani cholembera chofiira. Mzere uliwonse umene ukhoza kunenedwa pa msonkhano wa chitukuko kapena kulembedwa pa tisheti, uduleni. Mawu ngati "tiyenera", "n'chifukwa chake dziko lathu", "ife ngati anthu" ndiwo poyambira kusaka. Mudzamva kuwawa, poti nthawi zambiri mizere imeneyi ndi imene munaikonda kwambiri. Mukadula, werenganinso. Uthenga ukatsalabe, ndiye kuti unalowa m'mafupa a nkhani. Ukachoka limodzi ndi mizereyo, ndiye kuti munalibe sewero, munali ndi chikalata chovekedwa chinyawu.

Ena amaganiza kuti kubisa uthenga chonchi ndi mantha a wolemba. Mbiri ikuonetsa zina. Ku America, Rod Serling analemba sewero la pa kanema lochokera pa kuphedwa kwa Emmett Till, mnyamata wachikuda amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955, koma eni malonda olipirira pulogalamu analisintha mpaka nkhani ya tsankho inazimiririka. Mu 1959 anayambitsa pulogalamu ya masewero a pa kanema yotchedwa The Twilight Zone, momwe nkhani zomwezo za tsankho ndi kusakana mfiti pakati pa anthu oyandikana anazionetsa kudzera mwa zolengedwa zachilendo, ndipo zinadutsa. Kwathu kuno lamulo lounika zosangalatsa la 1968 linaphunzitsa olemba athu luso lomwelo, kulankhula kudzera mwa nyama ndi nthano. Lero mukhoza kunena zambiri poyera, komabe njira yokhotayo ikadali yamphamvu pa chifukwa china: munthu wa chipani chomwe mukuchidzudzula amatseka wailesi akangomva dzina la chipani chake, koma nkhani ya Yohane amaimvera mpaka kumapeto, n'kupita nayo kukagona.

Pa chifukwa chomwechi, musatchule wandale weniweni, mtundu wa nsalu ya chipani, kapena mudzi umene ulipodi. Kupatula kuti mukhoza kusumiridwa, sewero lomangirira pa munthu mmodzi limafa iye akangochoka pampando, pomwe mndandanda wa mayina umatsala.

7. Onetsetsani kumene mantha anu akuloza

Sitepe iyi musailumphe ngakhale mutatopa, chifukwa kwathu kuno nkhani zoopsa zimapha anthu enieni. Mu September ndi October 2017, mphekesera ya anamapopa inayambira chaku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Ophedwawo sanali akuluakulu opangana za ngongole. Ambiri anali alendo odutsa ndi anthu wamba amene anangopezeka pamalo olakwika. Mu January 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana. Abale athu achialubino akhala akusakidwa chifukwa cha bodza loti ziwalo zawo zimabweretsa chuma.

Ndiye funsani: womvera akazimitsa foni n'kutuluka panja, aziyang'ana ndani ndi diso lokayika? Ngati yankho ndi gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, mlendo wonyamula chikwama, wazaumoyo wobwera ndi jakisoni, munthu wodwala misala kapena wa mtundu wina, lembaninso. Mwawonjezera nkhuni pamoto woyaka kale. M'sewero langa akufa aja alibe mlandu, sanadziitane okha. Mantha akuloza ku pepala, kwa wolilemba, ndi ku foni ija. Mukumbukirenso kuti lamulo la za ufiti la 1911 likadalipo ndipo limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Chinanso, musatsanzire nkhani za pa wailesi. Pa 30 October 1938, Orson Welles anaulutsa pa wailesi ya CBS ku America sewero la zolengedwa za ku Mars ngati kuti ndi nkhani zongochitika kumene, ndipo ena mwa omwe anatsegula wailesi mochedwa anakhulupirira. Ofufuza a pambuyo pake amati manyuzipepala anakokomeza chipwirikiticho, komabe phunziro lake lilipo, ndipo iye analibe WhatsApp. Lanu wina adzadula mphindi imodzi yapakati n'kuitumiza m'gulu la mpingo ndi mawu oti "zachitika ku Thyolo". Nenani kumayambiriro ndi kumapeto kuti ili ndi sewero, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi kena kake, kaya kanyimbo kapansipansi, kosonyeza kuti n'chopeka ngakhale chitadulidwa.

8. Jambulani

Simufunika situdiyo. Foni yabwinoko, chipinda chopanda malata olira, mabulangete opachika m'makoma ndi matiresi oimika kuseri kwa olankhula n'zokwanira kupha kaphokoso kobwerera. Jambulani usiku kwambiri kapena m'bandakucha atambala asanayambe, foni muiike pa flight mode, ndipo isagwiridwe m'manja, muikhazike pa nsalu yopinda. Wolankhula wamba atalikire ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Wa pabwalo abwerere m'mbuyo mapazi atatu kapena anayi. Wakufa yekha ndiye ayandikire mpaka milomo itatsala pang'ono kukhudza, alankhule chapambali pang'ono kuti mpweya usawombe maikolofoni, ndipo asasinthe mawu. Mawu obangula aja ndi a ana. "Ndilipo" wonenedwa mwaulemu, ngati munthu wodikira pamzere, ndi amene amaimitsa tsitsi.

Maphokoso pangani nokha. Olemba masewero oopsa a pa wailesi a ku America a m'ma 1930 ankadula kabichi ndi chimpeni pofuna phokoso la mutu wa munthu, ndipo kabichi wa ku Lizulu sasiyana ndi wawo. Mchenga m'lichero ndi mapazi a pabwalo. Mpunga wothiridwa pang'onopang'ono pa pepala la pulasitiki ndi mvula. Khasu logunda dothi lonyowa aliyense amalidziwa kuti ndi la adzukulu, simufunika kunena kuti tili kumanda. Tulukani usiku mujambule mphindi zisanu za nkhululu ndi achule, muziike pansi pa chigawo chonse, kenaka pamene wakufa akuti ayankhe muzidule mwadzidzidzi. Khutu silizindikira kuti nkhululu zinalipo mpaka zitasiya.

Posakaniza, pulogalamu ya Audacity ndi yaulere pa kompyuta ndipo imakwanira. Nyimbo muchepetse, ndipo musatenge ya munthu popanda chilolezo. Chigawo chimodzi chisapitirire mphindi 12 kapena 15. Mukachisunga ngati MP3 ya mono (mawu a njira imodzi, osati stereo) pa mlingo wa 64 kbps, mphindi iliyonse imadya pafupifupi theka la MB, ndiye mphindi 15 ndi ma MB 7, zomwe munthu wa kabandulo kochepa angathe kutsitsa. Musanatumize, mverani pa sipika ya foni yotchipa, osati pa mahedifoni okha, poti ambiri adzamvera pamenepo, ndipo kunong'ona kumene kumamveka bwino pa mahedifoni kumasowa pa sipika.

9. Liyeseni pa anthu, mumdima

Itanani anthu asanu amene sanawerenge sewerolo, pakhale wachikulire mmodzi ndi wina amene mumadziwa kuti pa ndale simugwirizana. Zimitsani nyali. Inu musamvere sewero, mverani iwowo: pamene ayamba kusuntha pampando, pamene wina wayatsa foni, pamene aseka posayenera kuseka. Likatha musawafunse kuti mwaphunzirapo chiyani, chifukwa adzakuyankhani za kusukulu pofuna kukusangalatsani. Afunseni kuti munaopa pati, ndi kuti mukanakhala Yohane mukanatani. Akayamba kukangana okhaokha, wina akuti mnyamatayo analibe kuchitira mwina, wina akuti ndi wakuba basi, inu khalani chete muzilemba.

Pomaliza penipeni m'pamene chiyeso cha ulaliki chimabweranso mwamphamvu. Mudzafuna kuti apolisi afike, a mfumu amangidwe, Nambewe alandire matumba ake awiri, wina ayime n'kunena mawu otsiriza. Kanani. Langa limatha chonchi: chaka chotsatira, pabwalo lomwe lija, Yohane wakana kuwerenga, ndiye a mfumu alanda pepala akuwerenga okha. Dzina ndi dzina, mawu oyankhira pafupi ndi khutu akuchuluka, a pabwalo akuchepa. Kenaka a mfumu akuti, "Yohane Kachepa." Yohane akuti, "Ndilipo, a mfumu." Chete. "Ndilipo, ndili pambali panu pomwe pano." Pepala likutembenuzidwa. A mfumu akuti, "Sanabwere."

Dulani pomwepo. Musaike nyimbo kwa masekondi asanu, kenaka munene mayina a osewera.